Mbewa za Jin-gyu

Lolemba, 16 Okutobala

Tsiku la 38 chimwalirireni Jin-gyu. Kwatsala masiku khumi ndi limodzi kuti tifike la 49, tsiku loti mzimu wake unyamuke osachewukanso.

Ndayambiranso ntchito. Andiika kuchipinda chakumbuyo kwa laibulale kuti ndizimata mabuku ong'ambika, anthu asamandione kumaso. Ndathokoza. Guluu safunsa kuti mukupeza bwanji.

Masana foni inalira, nambala yachilendo. "Ndine Ok Sun-hwa, wa ku labotale ya a Pulofesa Bang. Ndine ndimasamala mbewa za amuna anu." Ndinali nditaiwala kuti kuli mbewa. Ayi, ndikunama. Ndinkangozilambalala m'maganizo, ngati mbale zosatsuka.

Ndilembe bwinobwino, mwina ndimvetsa. Mu Juni, atam'panga opaleshoni ya chiwindi, madokotala anadula kachidutswa ka chotupa chake n'kukabzala pansi pa khungu la mbewa zobadwa zopanda chitetezo cha m'thupi, zomwe sizikana mnofu wachilendo. Khansayo imakula mwa mbewa monga imakulira mwa mwini wake. Kenako amayesa mankhwala osiyanasiyana pa mbewazo kuti aone oyenera munthuyo. Anati zitenga miyezi inayi. Jin-gyu anaseka mpaka kugwira pabala. "Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi osabereka, lero ndabereka 24 kamodzi. Ukawauze Amayi akusiye upume."

Miyezi inayiyo sanaikwanitse.

Sun-hwa akuti zotsatira zatuluka, komanso pali fomu yofunika chidindo changa, cholowa m'malo mwa siginecha kuno. Mawa 10 koloko.

Lachiwiri, 17 Okutobala

Pulofesa Bang ndi wamfupi, amalankhula ngati basi ikum'siya. Anandiweramira, "Pepani ndi zomwe zinachitika, mayi Seol," ndipo asanaweramuke n'komwe dzanja linali litatembenuza kale kompyuta kuti ndione.

Mizere inayi. Itatu ikukwera. Umodzi, wofiira, ukutsika.

"Gulu lachitatu ili! Mankhwalawo ndi akale, koma ife tawakulunga m'timipira ta mafuta, tating'ono moti chikwi chimodzi tingandandalike m'lifupi mwa tsitsi limodzi. Mitsempha ya magazi ya chotupa imakhala yobowokabowoka ngati sefa. Timipirato timayenda ndi magazi, timadutsa mnofu wabwino, tikafika pa sefa paja timalowa, n'kutula katundu pomwepo. Chotupa chaphwa magawo asanu ndi awiri mwa khumi! Zaka makumi awiri sindinaonepo. Amuna anu anali ndi chotupa chokongola, mayi."

Chokongola.

Ndinafunsa kuti akanakhala moyo akanalandira mankhwalawo? "Aa, n'zovuta kunena. Tikanapempha chilolezo chapadera, zimatenga nthawi. Komansotu paja munam'tulutsa m'chipatala mu Ogasiti, eti?" Anafunsa maso ali pa fayilo, ngati akufunsa nambala ya nyumba.

Fomu ndi ya tsamba limodzi. Jin-gyu anavomera kuti mnofu wake ugwiritsidwe ntchito pom'funira iye mankhwala basi. Poti wapita, wosankha ndine. Mabokosi awiri. Loyamba: asunge, mbewa zomwe zilipo pamodzi ndi timabotolo ta maselo ake tomwe tili mu thanki yozizira, azisamutsira chotupacho mwa mbewa zatsopano chaka ndi chaka, agawireko malabotale ena. Lachiwiri: awononge zonse.

"Ndi mwambo chabe," anatero, akundipatsa inki yofiira. Ndinati chidindo ndasiya kunyumba. Chinali m'chikwama.

Ndikutuluka, Sun-hwa anandiima kutsogolo. Mayi wamkulu thupi, wa zaka za m'ma 50, tsitsi lalifupi, wosamwetulira pachabe. "Mukufuna kuziona?" Anandiveka chovala cha thupi lonse, chophimba kukamwa, magolovesi awiriawiri. Foni m'kathumba ka pulasitiki. Kachipinda kouluza mphepo kochotsa fumbi. Kenako mashelufu a timabokosi toonekera mkati.

Zatsala 18. Zisanu ndi chimodzi zomwe sizinalandire mankhwala anazipha kale zotupa zitakula mopitirira.

Zilibe ubweya. Khungu lofiirira, lamakwinya, ngati chala chomwe chakhalitsa m'madzi. Iliyonse ili ndi chotupa cham'mbali, zina ngati dzira la njiwa. Za gulu lachitatu kangokhala ngati nyemba. Imodzi yong'ambika khutu inali itakhala tsonga, itagwira chakudya ndi manja onse awiri, ikudya mosasamala za aliyense. Ndinaijambula kakanema ka masekondi makumi anayi.

Sun-hwa anaitola n'kuigoneka pachikhatho pake. "Gwirani, sikuluma." Ndinaika chala pa kanyemba kaja.

Kanali kofunda. Tsiku la 39, ndipo kanali kofunda.

Ndi chimene chinam'pha. Ndi chokhacho chamoyo chimene chatsala cha iye. Ndakhala ndikuzitembenuza ziganizo ziwirizi madzulo onse, palibe chikugonjera chinzake.

Lachitatu, 18 Okutobala

Fomu ndaiika m'buku lomwe ndikuwerenga. Bukulo sindinalitsegule.

Lachinayi, 19 Okutobala

Pa nthawi ya nkhomaliro ndinatsikira ku mashelufu a zachipatala. Ndawerenga zonse zomwe ndingamvetse. Akuti mankhwala ambiri ochiza mbewa akafika pa anthu amalephera. Akuti timipira tija nthawi zambiri timathera m'chiwindi ndi mu kapamba tisanafike pomwe atituma. Akuti sefa ya mwa munthu si yobowoka ngati ya mwa mbewa. Ndawerenga kanayi. Mutu ukuvomera. Mzere wofiira uja ukutsikabe ndikatseka maso.

Jin-gyu anandipempha yekha. Ndilembe pano poti kulibe kwina kolemba. Pa 20 Ogasiti, atasanza tsiku lonse, anati, "Hye-ok, ndatopa kukhala thumba lothiramo mankhwala. Ndiperekeze kunyumba, ndikaone mtengo wathu wa pakhonde." Ndinafunsa kawiri. Kachitatu anati, "Iwe umawerenga mabuku a masamba chikwi, chiganizo chimodzi chikukuvuta?"

Mchemwali wake wamkulu, alamu anga Mi-suk, anaima pakhomo la chikepe atatambasula manja kuti tisadutse. Apongozi anga anakhala pansi pakhonde la wodi n'kumamenya simenti ndi chikhatho. Jin-gyu anatseka maso pa njinga ya odwala. Wokankha ndinali ine. Anthu amakumbukira wokankha.

Mawa kukachisi, mwambo wachisanu ndi chimodzi mwa miyambo ya sabata ndi sabata yoperekeza mzimu wake.

Lachisanu, 20 Okutobala

Ndalakwitsa.

Mwambo unayenda bwino. Kugwada, zofukiza, ansembe kuimba mawu awo, chithunzi cha Jin-gyu chija cha tayi yopindika. Titadya, ine ndi alamu tinali kutsuka mbale kuseri. Anandipatsa nsalu yopukutira, ndipo sindikudziwa chinandigwira n'chiyani, mwina poti anandipatsa mwaulemu. Ndinawauza zonse. Mbewa, mzere wofiira, fomu.

Anapukuta manja pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Kenako analowa m'chipinda chodyera momwe munali Amayi, apongozi anga aja, ndi azakhali awiri.

"Amayi, mwamva nkhani yabwino? Mankhwala a Jin-gyu apezeka. Achiza makoswe."

"Makoswe ati?"

Alamu anafotokoza m'njira yawo. Ine ndili chiimire pakhomo, mbale m'manja.

"Iwe," anatero Amayi, "mwana wanga ali m'mimba mwa makoswe?"

"Si m'mimba, Amayi, ndi pansi pa khungu, kachidutswa chabe ka..."

"Tam'mverani! Akundikonza! Mphunzitsi wabwera!"

Alamu: "Masabata asanu, alamu anga. Asanu okha. Mukanam'siya m'chipatala bwenzi lero akulandira jakisoni ameneyo. Koma inu ndi mabuku anu, 'afe mwaulemu, afe mwaulemu.' Ulemu wake ndi umenewu? Khoswe wachira, mlongo wanga ndi phulusa mu mphika."

Azakhali ena anati shii, tili pakachisi. Koma anasendera pafupi.

Amayi sanakuwe. Bola akanakuwa. "Lachisanu likubwerali akaima pamaso pa oweruza a kudziko la akufa ali wosakwanira. Akam'funsa kuti mnofu wako wina uli kuti, iye akayankha kuti uli m'khola, ukudya ndi kunyera pomwepo. N'chifukwa chake ndikumulota akudzikanda. Uziphe zonse, uziwotche, Lachisanu lisanafike. Mwana unalephera kum'berekera. Ichi chokha usalephere."

Ansembe anali kudutsa, anamva. Anati mofatsa thupi ndi chovala chabe, mzimu sunyamula chovala. Amayi anawaweramira mwaulemu wonse n'kuti, "Chovala cha mwana wanga sichivalidwa ndi makoswe, abambo."

Ndinabwerera pa basi ndekha. Mbale ija ndinaizindikira ili m'manja ndili kale pa siteji.

Loweruka, 21 Okutobala

Ndaonera kakanema kaja mwina makumi atatu. Imadya, imaima, imanunkhiza m'mwamba, imadyanso.

Foni ya Amayi katatu. Sindinayankhe. Uthenga wa alamu: "Kwatsala 6."

Lamulungu, 22 Okutobala

Abwera awiri onse, Amayi ndi alamu, kudzatenga zovala zokawotcha Lachisanu. Alamu analowa kuchipinda chathu osavula chikhoti, n'kutsegula kabati ngati yawo. Suti yakuda, malaya, nsapato. Kenako anaona juzi yobiriwira yomwe ndimaisunga pansi pa pilo.

"Iyinso."

"Imeneyo ndimafuna itsale, alamu."

"Kuti azivala ndani? Kapena mwapeza kale woivala?" Anainunkhiza, n'kukwinya mphuno. "Simunaichape n'komwe." Inalowa m'chikwama.

Ndinapita kukhitchini kukasenda maapozi, poti alendo amasenderedwa zipatso ngakhale akukusenda iwe.

Amayi anali atakhala pa mpando wa Jin-gyu. Sanagwire apozi. "Wadinda?"

"Ayi, Amayi."

"Ukudikira chiyani? Unawaona makoswewo?" Ndinavomera. "Ndioneko. Ndione chomwe wam'sandutsa."

Ndinawapatsa foni. Anavala magalasi, anaitalikitsa kumaso. Masekondi makumi anayi anatha. Sanandibwezere. Anandiuza kuti ndiyambitsenso. Atatha kachiwiri anati, "Nditumizire."

"Amayi, zonyansa zimenezo za chiyani?" anatero alamu.

"Ndati anditumizire."

Ndinatumiza. Ndikuganiza kuti akufuna kukaonetsa azakhali, umboni wa mlandu wanga.

Potuluka alamu anatembenuka: "Lachisanu, alamu anga. Musatichititse manyazi pamaso pa akufa." Amayi anali kulimbana ndi nsapato zawo.

Pansi pa pilo pali zii.

Lolemba, 23 Okutobala

Pulofesa waimba ndili pakati pomata buku la ana la zamoyo za m'nyanja. Ndinawauza kuti banja likufuna bokosi lachiwiri.

Anayamba ndi kuseka. "Mayi, ndinu munthu wophunzira. Musalole zikhulupiriro za agogo zipite ndi ntchito ya zaka zitatu." Kenako mawu anasintha. "Mukudziwa kuti zotupa khumi tikabzala zimamera zitatu? Cha amuna anu chimamera ngati udzu. Kuli amuna a anthu ena m'mawodi muno, mayi Seol. Mukadinda lachiwiri, mwawatulutsanso m'chipatala amenewo."

Mwawatulutsanso.

Ndinafunsa ngati dzina la Jin-gyu lidzalembedwe penapake. Anati malamulo salola, iye ndi C-31. "Koma C-31 adzadziwika dziko lonse, ndikukulonjezani."

Asanadule anandiitanira ku mwambo wawo wa chaka ndi chaka wopepesa mizimu ya nyama zomwe amapha pa kafukufuku. Lachitatu 2 koloko, kuseri kwa labotale. "Mubwere muone kuti ifenso tili ndi mtima."

Tsamba la nkhanu ndalimata mozondoka. Ndinazindikira guluu atauma.

Lachiwiri, 24 Okutobala

Ndadinda. Bokosi lachiwiri.

Si chifukwa choti ndikukhulupirira za oweruza. Ndaganiza za amuna a anthu ena aja, ndaganiza kwambiri, ndipo ndikudziwa kuti a Bang, ngakhale ali ndi pakamwa poipa, mwina akunena zoona. Koma Jin-gyu anapempha kupita kunyumba, sanapemphe kuyendayenda m'malabotale mu thanki. Ndipo, ndinene zoona poti ndi pepala langa, ndikufuna chinthu chimodzi, chimodzi chokha m'zaka zonsezi, chomwe amayi ake anganene kuti apa wachita bwino.

Inki inandithimbirira chala chachikulu. Ndinapita m'mawa ndisanalowe ntchito, ndinam'peza Sun-hwa pageti.

Anawerenga fomu yonse, ngakhale amaidziwa pamtima. "Mwatsimikiza?"

"Chonde zitheke Lachisanu lisanafike."

"Ndichita ndekha, sindipatsa ophunzira. Timatsegula mpweya pang'onopang'ono, zimagona. Ndimakhala pomwepo mpaka yomaliza." Anapinda fomu n'kuiika m'thumba la pachifuwa. "Ya khutu ija ndimaitcha Adyeratu," anatero, akuyang'ana kumbali.

Ndinajambula fomu ndisanapereke, ndatumizira alamu: "Zatheka. Muwauze Amayi agone mtima uli m'malo." Ayankha: "Chabwino."

Sindinaonere kakanema lero.

Lachitatu, 25 Okutobala

Sindikudziwa poyambira.

Hafu pasiti seveni belu la pakhomo. Amayi, okha. Sanabwerepo okha chikwatiwire ine. Mabasi awiri, ndi mawondo awo aja. Maso otupa, foni m'manja, tsitsi losapesa.

Sanakhale pansi. "Taona," anatero, n'kundionetsa kakanema kanga komwe. "Taona mmene akugwirira. Manja onse awiri. Akudya, Hye-ok."

Anditchula dzina.

"Masabata atatu omaliza aja sanameze kanthu. Ndinam'phikira phala la mpunga katatu, katatu konse analavula, n'kumandipepesa. Mwana kupepesa mayi wake chifukwa cholephera kudya. Koma uyu akudya. Ndaonera Lolemba lonse, dzulo lonse. Ndinabwereranso kwa ansembe, andiuzanso zomwe zija, kuti mzimu suyenda ndi mnofu. Ndiye ngati sizim'tsekereza njira, n'kuziphera chiyani? Zisiye. Akhale. Ndizidziwa kuti penapake ku Daejeon kuno kanthu kake kakudya."

Anandigwira dzanja. Dzanja la inki lija, koma sanayang'ane.

"Sunadinde, eti?"

Ndinati ndikukonzereni tiyi. Ndinayatsa ketulo, ndinalowa kubafa, ndinatsegula mpopi, ndinaimbira Sun-hwa. Ndinati imitsani, chonde imitsani, ndibwera kudzang'amba fomu.



"Mayi, ndinachita dzulo masana. Kuno tili ndi kachitidwe kathu. Nyama zoti zifa sabata ya mwambo timazimaliza mwambowo usanafike, kuti ziwerengedwe nawo, zipepesedwe lero, zisadikire chaka chathunthu. Ndimati ndikukuchitirani zabwino."

Ndinafunsa za timabotolo ta mu thanki.

"Ndawiritsa mu makina a nthunzi m'mawa uno, nditangofika. A Pulofesa anandiuza kuti ndibise kamodzi, palibe adziwe. Ndinakana. Ndinati mayi aja adinda, chidindo ndi chidindo." Kenako anafunsa, "Ndalakwa?"

Ndinati simunalakwe. Ndi munthu yekhayo sabata ino amene wachita zomwe ndinam'pempha.

Ndinatuluka ndi tiyi. Amayi anafunsanso, "Sunadinde?" Ndinagwedeza mutu. Sindikudziwa kuti kugwedezako kunali kuvomera kapena kukana. Iwo anatolapo chomwe amafuna. Anamwa tiyi yense, anati ndi wabwino. Ndinawaperekeza ku basi atandigwira mkono.

Masana ndinapitabe ku mwambo uja. Sindikudziwa chifukwa chake. Kuseri kwa labotale kuli mwala wautali ngati munthu. Patsogolo pake tebulo: maapozi, makeke a mpunga, maluwa oyera, ndi mbale ya chakudya cha mbewa. Anthu ngati makumi asanu, m'makhoti oyera, ena akuyang'ana mafoni mobisa. Mkulu wina anawerenga mawu opepesa, kenako nambala ya chaka chino: 11,406. Tinawerama tonse. Aliyense anaika duwa.

A Bang anawerama motsika kuposa onse. Podutsa pafupi nane sanaime. Anangoti chapansipansi, "Khumi ndi zisanu ndi zitatu mwa zimenezo ndi zanu, mayi. Ikani maluwa awiri."

Sun-hwa anaima kumapeto kwa mzere. Sitinayang'anane.

Lachinayi, 26 Okutobala

Amayi aimba katatu.

Koyamba: kodi kumene amakhalako sikuzizira, poti alibe ubweya? Ndinati amatenthetsa chipinda. Sindinaname, amatenthetsadi.

Kachiwiri: kodi amalola alendo? Angodzaima pagalasi, sadzagwira kanthu.

Kachitatu analibe funso. Anati, "Wadya, mwana wanga?" Ndinakhala pansi pakati pa mashelufu. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikudikira mawu amenewo, ndipo afika ali a munthu wina, mkazi amene sanadinde.

Ndinaimbira alamu. "Simunawauze?"

"Ndinaiwala."

"Alamu."

"Chabwino, sindinaiwale. Lachiwiri ndinawapeza akuseka ndi foni, ndiye ndikanatani? Ndimati ndione kuti zifika pati." Ndinamva akutafuna chinachake. "Ine ndawasambitsa, ndawaperekeza kuchipatala, zaka makumi asanu ndi ziwiri ndili mwana wawo, sanandifunsepo ngati ndadya. Inu kakhoswe kamodzi basi, mwasanduka mwana wanga."

"Ndinu munkanditumizira masiku."

"Ine ndinadinda? Mukawauze nokha. Paja ndinu odziwa kuyala mawu."

Ndayesa kulemba zoti ndikanene. Masamba atatu. Onse akuyamba ndi "Amayi," n'kuthera pomwepo. Ndinaganiza zoimba, koma mawa ndi tsiku la mwana wawo. Alowe m'kachisi mtima uli wopepuka. Kapena ndi mantha anga chabe atavala zaulemu.

Lachisanu, 27 Okutobala

Tsiku la 49.

Amayi anandisungira malo pambali pawo, kutsogolo. Azakhali anayang'anana. Pogwada ndinawagwira chigongono, sanachotse. Titatuluka panja kukawotcha zovala, juzi yobiriwira inagwira moto mochedwa kuposa zonse, inayamba yafuka. Amayi anakuwira m'mwamba, "Pita bwino, usadere nkhawa za kuno, mkazi wako ndimuona ine!" Ndinalira mokweza koyamba chimwalirireni iye. Anthu anaganiza kuti akudziwa chomwe ndikulira.

Titatha anati ndikwere nawo galimoto ya alamu. Ine kumbuyo ndi Amayi. Pamiyendo pawo kabokosi ka chakudya komanga m'nsalu.

Titatsika phiri, Amayi anati, "Mi-suk, tisapite kunyumba. Tidzere ku labotale kuja. Wamkulu tam'perekeza, tikaone wotsalayo."

Alamu anandiyang'ana pa kagalasi. "Chabwino, Amayi. Alamu anga, tatiuzani njira. Tikhote kuti?"

Ndinati, "Amayi, ndinadinda Lachiwiri."

Masamba atatu aja, ndipo zinatuluka choncho. Ndinapitiriza. Kuti ndinachita zomwe anandiuza. Kuti pamene ankagogoda pakhomo Lachitatu zinali zitafa kale. Kuti palibe chatsala, ngakhale kabotolo kamodzi. Kuti ndinaopa.

Galimoto inadutsa maloboti awiri.

"Tiyi uja," anatero Amayi. "Unkandithirira ukudziwa."

"Eya."

"Dzulo, za kuzizira zija."

"Eya, Amayi."

Anachotsa dzanja lawo pa bondo langa, osafulumira. Anakonza nsalu ya kabokosi. Kenako analankhula kwa alamu, ndi mawu aulemu omwe amalankhulira ndi anthu a kubanki.

"Taima apo pa siteji. Mayi Seol atsikira pano. Atithandiza kwambiri lero, tisawachedwetse."

Alamu anaima. Nkhope yawo pa kagalasi sinali yosangalala, zomwe zinandidabwitsa. Ndinatsika. Ndinawerama. Amayi anabweza ndi mutu, pang'ono, monga amachitira kwa mlendo wowapatsa mpando mu basi.

Galimoto inayenda pang'ono n'kuimanso. Galasi linatsika. Dzanja linatuluka ndi kabokosi kaja, linakasiya kagwe pa udzu wa m'mbali mwa msewu. Galasi linakwera.

Ndakatola. Ndamasula nsalu.

Mbatata yophika, yosenda bwino, yodulidwa tizidutswa ting'onoting'ono ngati njere za mpunga, bokosi lonse. Ndi zala zawo za nyamakazi zija, ayenera kuti anayamba kudula kusanache.

Mabasi awiri adutsa. Ndikadali pabenchi, kabokosi pamiyendo.